Anandivula Nsapato Kuti Ndilankhule Chingerezi

Ndikukumbukira ndili Sitandade 7, zaka zimene sukulu ya pulayimale inali itangokhala yaulere. Pasukulu pathu, kufupi ndi Chinakanaka, ana tinachuluka mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo ya bulugamu. Ndiye itamveka nkhani yoti kukubwera alendo akunja amene mwina angatimangire makalasi, sukulu yonse inatekeseka.

Ine ndi amene ndinasankhidwa kuwalankhula alendowo m'Chingerezi. Mawu ndinalemba ndekha, ndipo penapake ndinati ndine mwana wa m'banja la "poor". Sindinkachita nazo manyazi. Amayi ankathyola tiyi ku esiteti, umphawi tinkaudziwa bwino. Koma aphunzitsi athu a Chingerezi, a Muhiwa, anafufuta liwulo n'kulembapo "destitute".

Nditawafunsa kusiyana kwake, anati, "N'chimodzimodzi. Ili ndi la anthu ophunzira. Ungoloweza basi."

Ndinaloweza monyadira. Tsikulo litafika amayi anajomba kuntchito, chinthu chimene sankachita ngakhale atadwala malungo. Anandisitira yunifolomu, n'kundipukutira nsapato zimene anandigulira pa kaunjika. Nditangofika pasukulu, a Muhiwa anandiyang'ana kumapazi.

"Vula zimenezo. Ukufuna alendo aziti kuno tili bwino?"

Ndinavula, n'kukazibisa kuseri kwa ofesi. Ndinaima pafumbi lotentha, n'kunena mokweza kuti ndine mwana "destitute". Amayi, amene sankamva ngakhale liwu limodzi la Chingerezi, analiza nthungululu kuposa aliyense.

Mwambo utatha, mayi wina mwa alendowo anandigwira dzanja, misozi ikulengeza m'maso, n'kufunsa a Muhiwa kuti ndimagona kuti ndipo amandisamala ndani. Apa n'kuti amayi akubwera, akukonza chitenje kuti apereke moni. A Muhiwa anawatchinga ndi mkono.

"Mayi, taimani kaye uko. Pano tikukamba za sukulu."

"Iyayi aphunzitsi, ndimati ndingothokoza. Mwanayu ngwanga."

"Mukathokoza tsiku lina."

Amayi anabwerera m'mbuyo akumwetulirabe, poganiza kuti ndi mmene amachitira anthu ophunzira.

Ku sekondale ndi kumene mphunzitsi wina anatilongosolera mawu awiriwa. "Poor" ndi munthu woperewera zinthu. "Destitute" ndi amene zamuthera zonse, alibe pogona, alibe chakudya, alibe ndi pogwira pomwe. Thupi lonse linanditentha ndi mkwiyo, ndipo mpaka lero silinazizire. A Muhiwa ankadziwa chimene ankachita. Munthu wosadziwa kusiyana kwa mawuwa sakanatchinga mayi wanga ndi mkono.

Makalasi anamangidwadi, ndipo alipo anthu amene amandiuza kuti ndiiwale, poti zinathandiza ana ambiri. Iwowo aiwale. Sukulu inali yosowa ndithu, choonadi chokha chikanakwana. Panalibe chifukwa chotengera mayi amene ankanyowa ndi mame m'munda wa tiyi kuti ine ndidye, n'kumufufuta ngati liwu lolakwika.

Ndazindikira tsopano kuti munthu akamakuuza kuti mawu awiri n'chimodzimodzi koma n'kukakamira limodzi, pali chimene akufuna kupeza nalo. Amayi sindinawauze, ndinalibe mtima wotero. Anamwalira akufotokozerabe anzawo, monyadira, za tsiku limene mwana wawo anaima pagulu n'kulengeza pamaso pawo kuti alibe womusamala.