Nkhani imene achimwene anafufuta

Ntchito yanga pa esiteti ya tiyi ndi ya mu ofesi, koma matenda anga ndi nkhani. Sindimeza bwino chakudya ndisanadziwe za mvula, za ndale, za msika wa tiyi, ndi zimene alemba anthu a mabulogu. Kale ndinkatsegula masamba amenewa limodzilimodzi, netiweki ya kuno ku Thyolo n'kumandizunza ngati ndinaibera mbuzi. Mnzanga wina ndiye anandiuza kuti pa intaneti pali masamba osonkhanitsa nkhani. Umangowauza malo amene umakonda kuwerenga, iwo n'kumakutolera zatsopano zonse pamalo amodzi.

Ndinayesa angapo, n'kutsala ndi awiri. Lina linali lobiriwira, lodzaza zithunzi, lokongola ndithu, koma lodya bandulo ngati chiswe. Linalo linali lotuwa, mitu ya nkhani yokhayokha, losasangalatsa m'maso, koma linkatseguka ngakhale tsiku la chiperoni pamene netiweki imachita ulesi. Ine ndine munthu wovuta posankha, ngakhale tomato pamsika ndimamutembenuza mpaka wogulitsa kutopa. Choncho nthawi ya nkhomaliro ndinkatsegula onse awiri pakompyuta, kuti ndione lomwe likutsalira.

Pakati pa mabulogu amene ndinaikamo panali ya achimwene anga, mphunzitsi wopuma ntchito. Iwo anakwatira ku Masambanjati, ndipo monga mwa mwambo wathu anakakhala kwawo kwa akazi awo. Kumeneko anabzala tiyi pamunda wa alamu, ndipo pafoni pawo ankalemba za kudulira, za feteleza, za udzu. Zinali zogonetsa tulo. Ndinkangoona mutu n'kupitirira.

Alamu atamwalira tinalira, tinaika maliro, aliyense n'kubwerera kwawo. Ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli kusudzula, pamene akuchikazi amamasula mwamuna woferedwa kuti abwerere kwawo. Koma ndinkati achimwene anena okha nthawi ikakwana. Munthu wamkulu, mwinimbumba wathu, angasowe pakamwa?

Tsiku lina ndinaona kuti tsamba lotuwa lija latola nkhani yatsopano ya achimwene, pamene lobiriwira lilibe. Ndinaseka ndekha, ndikuti lero ndagwira waulesi. Ndinaitsegula nkhaniyo, osati chifukwa chofuna kuiwerenga, koma kuti nditsimikize kuti mpikisano watha.

Sinali ya feteleza. Achimwene analemba kuti akuchikazi agwirizana zowasudzula mvula ikatha. Sanawanene zoipa. Anati tiyi atsala ndi ana, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kenako anati: "Chimene sindikudziwa ndi kumene ndilowere. Nyumba ya mayi inagwa kalekale. Kwathu kuli mlongo wanga, munthu wa mu ofesi, wotanganidwa. Sindikufuna kukakhala katundu pakhomo pake."

Ndinathamangira ku bulogu yawo yeniyeniyo. Nkhaniyo kunalibe. Anali atailemba kenako n'kuifufuta. Tsamba lobiriwira linafika itachotsedwa kale, koma lotuwa linali litaitola msanga, ndipo chimene latola silibweza, ngakhale mwiniwake asinthe maganizo.

Poyamba ndinapsa mtima. Nkhani ya m'nyumba kuiyanika pabwalo chonchi? Koma mkwiyowo sunakhalitse. Manyazi ndiwo anandigwira, oti sindinathe kuyang'ana ngakhale mnzanga wa tebulo loyandikana nalo. Kwathu mwamuna akasudzulidwa sapempha malo. Amangobwera kwa mlongo wake, chifukwa pamenepo ndiye pakwawo. Achimwene anga anaona kuti n'kwapafupi kuuza anthu osawadziwa kusiyana ndi kuuza ine. Ndipo ndani akudziwa kuti ndi angati ena, kutali uko, amene anawerenga za mlongo wa mu ofesi wotanganidwa?

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Masambanjati. Ndinawapeza m'munda, akudulira tiyi amene sadzamuthyolanso okha. Anali ataonda. Tinapatsana moni, tinakamba za ana, za msewu.

"Achimwene," ndinatero potsiriza, "ndayeretsa chipinda chakumbuyo chija. Akakusudzulani muzingobwera."

Anaima, mpeni uli m'manja. "Wakuuzani ndani, achemwali?"

Ndinayang'ana pansi.

"Koma ndinapanga diliti," anatero. "Pompopompo ndinachotsa."

"Kwina inatsala."

Anapukuta mpeniwo pabuluku kwa nthawi yaitali. Ndinaona kuti nawonso manyazi awagwira, mwina oposa anga, ndipo ndine ndinawabweretsera. Ndinalakalaka ndikanangonama kuti ndalota.

"Sindinakunyozeni ayi," anatero. "Ndimangoti muli bize."

"Bize yake yotani yoiwala mlongo wako?" Iwo anatembenukira kumbali kuti asandione.

Mvula itatha anawasudzula bwinobwino, popanda mkangano. Anabwera ndi sutikesi, wailesi ndi njinga. Ndinawalandira monga mwinimbumba, ndinawauza kuti pano ndi pawo, ndipo ndabwereza mawu amenewa mpaka ana anga amaseka. Iwo amavomera ndi mutu. Amasesa pabwalo anthu asanadzuke, amadya pang'ono, ndipo mlendo akabwera amanyamuka kumusiyira mpando.

Kuseri kwa nyumba yanga, pafupi ndi pamene panali ya mayi, kuli mtengo wa mapeyala umene achimwene anabzala okha ali mnyamata, mayi akadali moyo. Chaka chino wabereka mpaka nthambi kuwerama. Dzulo ndikuchokera kuntchito ndinawapeza ataima pansi pake, ndodo ili m'manja, akundidikira.

"Achemwali," anatero, "ndingathyoleko peyala limodzi?"