Vitamini B ndi dothi la pakhomo pa eni

Izi sindikupeka ayi, ndipo amene anaponya miyala tsiku limenelo akadalipo kwathu ku Sinda, timakumana kuchigayo n'kupatsana moni ngati palibe chinachitika.

Amayi atayamba kuiwala ankanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, mchere n'kuthira mu tiyi, ndipo ukangocheuka pang'ono, basi atuluka. Ndinawaimbira achimwene ku Lusaka kuti abwere tiziwayang'anira mosinthana, poti ndinali ndekha ndi munda wa nsawa, koma iwo anangotumiza pa basi mabotolo a vitamini B, ati anawerenga pafoni kuti amabweza nzeru za okalamba. Ati ndileke kuwatsekera m'nyumba ngati mbuzi, ndikuchititsa banja manyazi. Ine mlongo wawo wakumudzi ndikanatsutsa bwanji? Chinasintha ndi mkodzo wokha, unasanduka wachikasu.

Tsiku lina ndikukumba nsawa ndinamva mfuu kumudzi woyandikana nawo, ati agwira mfiti dzuwa likuswa mtengo. Nditathamangirako ndinapeza kuti ndi amayi anga, ali chigwadire pakhomo pa eni, chitenje chodzaza dothi, magazi akuchucha kumaso. Iwo moyo wawo wonse ankakonda kuzira nyumba, ndiye ankatapa dothi loti akazirire, koma m'nyumbamo munali mwana wodwala, anthu n'kumati akutapa mapazi a mwanayo kuti amumalize. Ndinawagwera pamwamba ndikukuwa kuti ndi matenda, mwala wina n'kunditera pamsana, pomwe amayiwo ankangondifunsa mwaulemu ngati alendo onsewa ndawaphikira.

Kuchipatala ku Katete adokotala atayeza magazi anati alipodi ena amene amaiwala chifukwa vitamini ameneyu wachepa m'thupi, ndipo iwowo amathandizika, koma amayi sanali kumusowa, awo anali matenda a ubongo ofuna munthu pafupi nthawi zonse. Diso lawo lamanzere silinaonenso mpaka imfa. Achimwene nditawauza zonsezi, mukudziwa chimene anafunsa? Ati kodi ndinkawamwetsa tsiku lililonse.

Mtima umandiwawabe, ndipo sindinawakhululukire, iwo ngakhale oponya miyala aja. Anzanga, kholo likayamba kuiwala kaliyezetseni magazi, mapiritsi limwe ngati adokotala anena, ndipo oyandikana nawo auzeni msanga kuti ndi matenda. Koma musalisiye lokha podalira botolo, chifukwa tsiku limene amayi anatuluka, botolo linatsala pawindo.