Nkhope ya Mayi Anga pa Webusaiti

Chaka cha njala chija ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena kothandiza anthu ku Balaka, ndipo webusaiti yake ndinakonza ndine. Munthu akalemba dzina la dera kumapeto kwa adiresi ya webusaitiyo, kaya Nkaya kaya Rivirivi, dzinalo linkaperekedwa ku kachigawo ka pulogalamu komwe kankatulutsa zithunzi za deralo.

Nditabwerako ku Ngokwe kokazonda mayi anga, ndinaonetsa mnzanga wa muofesi chithunzi chawo, ataonda, atakhala pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Ndinamuonetsa chifukwa mtima unkandipweteka. Anapempha kuti ndimutumizire, ine n'kutumiza osaganiza kanthu.

Sabata yotsatira ndinalemba Nkaya, panatuluka mayi anga. Ndinalemba Rivirivi, mayi anga omwewo. Mnzangayo anali atasintha pulogalamu kuti isamalabadirenso dzina la dera.

"Achimwene, mwachitiranji zimenezi?" ndinamufunsa.

"Othandiza akunja amamva chisoni ndi nkhope ngati imeneyi," anayankha osandiyang'ana. "Simukufuna kuti chimanga chibwere?"

Chithunzicho ndinachichotsa tsiku lomwelo. Chimanga chinabweradi, koma kwa mayi anga sichinafike, poti Ngokwe ili kunja kwa Balaka. Tinagwirabe ntchito limodzi, koma sindinamuuzenso za kwathu.