Mmene Happy Anatsitsira Apongozi Ake pa Nsanja

Ku Senga Bay kuno mukafunsa kuti Happy ndi uti, ngakhale mayi wogulitsa usipa akulozerani ndi mlomo: "Uyo wa mabwinja uyo." Ena amatchula mawuwo ngati akutchula matenda, koma atchule. Mwanayo ndi wathu, ndipo pa mbumba yathu sipanatulukepo wakuba kapena wogona m'ngalande.

Happy mayi ake anamusiya akadali woyamwa, nakula ndi phala la mgaiwa m'manja mwa agogo ake akuchikazi. Dzina lachizungulo anamupatsa ndi namwino wa kusikelo, poti khandalo linkamwetulira ngakhale alibaye jekeseni. Sukulu analekeza Fomu 2. Anzake atayamba kulowa m'maboti kukaponya ukonde wa chilimira, nayenso anayesako, koma nyanja inamukana. Akangokwera bwato mimba inkatembenuka, ankasanza mpaka ndulu. Mwana wobadwira pagombe, wosanza m'bwato. Anthu anaseka mpaka kutopa okha. Basi agogo ake anangomupatsa mbuzi kuti aziweta, ndipo mbuzizo ndi zimene zinamulondolera ku mabwinja.

Kuseri kwa mahotela, mukadutsa pamene anyamata amasema ziboliboli, pali kanjira kokwera kumiyala. Kumeneko kuli chinyumba cha mzungu wina wakalekale amene makolo ankamutcha Chisoti, poti ankati savula chipewa ngakhale posamba. Denga linagwa kale, zitseko anthu anazula, ndipo m'chipinda chodyera munamera mkuyu umene mizu yake inakumbatira khoma lonse. Chotsala chathunthu ndi nsanja yamiyala imene mzunguyo ankakwerapo kukadikira sitima. Masitepe ake ndi opapatiza, ozungulira kunja, opanda pogwira. Kumunsi kuli mlambe wamphako umene amati amalonda akale ankatulapo akatundu awo, komanso zitsulo za doko lakale zongotulutsa mitu m'madzi ngati mvuu.

Mbuzi zikamadya, Happy ankayendayenda m'makomamo, madzulo n'kumakavutitsa nkhalamba ndi mafunso. Chumuni ichi ankaphikapo ndani? Dzenje ili linali la madzi kapena la zinyalala? Atakula anatenga chikwanje, nalambula njira, nachotsa chitedze chonse, nayamba kuperekeza alendo: ana asukulu, magulu a mpingo, azungu a m'mahotela, ngakhale akwati ofuna kujambulitsa pakhoma lakale. Chimene sakuchidziwa amanena poyera kuti sakuchidziwa. Sawonjezera mchere pa nkhani ya anthu akufa. Ndi ntchito imeneyo anagulira agogo ake malata, ndipo amene akuti si ntchito abwere adzaone ngati m'nyumbamo mumadontha.

Ndiye panabwera Lena, mtsikana wa ku Chinguluwe amene ankabweretsa mpunga pamsika Loweruka lililonse. Happy anayamba kugula mpunga ngati pakhomo pagwa maliro. Mpunga m'ndowa, mpunga m'mphika, mpunga pansi pa bedi, mpaka agogo ake anamuuza kuti, "Iwe, kamufunsire mwana wa eni akeyo tisanayambe kulira ngati mpheta." Anamufunsira, ndipo Lena analola.

Amene sanalole ndi mayi ake a Lena, aNambewe. Mawu awo anafika kuno osasenda: "Munthu woonetsa anthu nyumba zakugwa adzamangira mwana wanga nyumba yotani? Komanso wokula wopanda mayi, wongoyenda ndi azungu ovala makabudula, mwambo anautola kuti?" Mawu oyambawo tinawameza. Achiwiriwo anatikhala pakhosi ngati munga wa chambo. Lena anati sangapite kubanja mayi ake atamufulatira, ndipo Happy anayamba kuonda, kumwetulira kuja kukuzimirira.

Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, panaima minibasi ya amayi a Mvano ochokera ku Chinguluwe. Anabwera kudzaona nyanja, ndipo amayi abusa, amene ankatsogolera gululo, anali atamva kuti kuli mabwinja oyenera kuwaona. ANambewe anali m'gulumo. Sanauze mnzawo aliyense kuti woperekeza alendoyo ndi yemwe akufuna mwana wawo. Ankafuna amuonere patali, iye osadziwa, kuti akapeze pomukanira bwino.

Koma Happy nkhope yawo anali ataiona kale pa foni ya Lena. Atangoona mayi wamtali akutsika, wa mpata pakati pa mano ngati Lena yemwe, anawazindikira pomwepo. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, saima nawo pafupi, salankhula nawo pamaso. Akakumana panjira amapatuka. Happy sanaganize n'komwe zoti ukwati sunachitike. Anavula kapusi, nalumphira m'udzu, nanyonyomala atafulatira njira.

"Achimwene, mwataya chiyani m'udzumo?" anafunsa amayi abusa.

"Palibe, mayi. Tsogolani, njira ndi yomweyo. Ine ndibwera m'mbuyo."

"Woperekeza alendo n'kukhala m'mbuyo? Nanga tikasochera?"

"Simusochera, mayi. Ndinalambula ndekha."

Latif, mnzake wosema ziboliboli, anaika sompho pansi n'kutsatira gululo. Anati zoterezi sangazimvere kwa anthu.

Ulendo wonsewo Happy anauyendetsa ali kuseri kwa makoma. Amayiwo akalowa m'chipinda chodyera, mawu ake ankachokera pawindo: "Mukuona mkuyuwo, pamenepo panali tebulo." Akatembenukira kuwindoko, mawu ankachokera kuseri kwa chumuni: "Apa ndi pamene ankawotha moto mwezi wa Juni, ngati kuno kumazizira." Amayiwo ankangoyang'anana.

"Kodi akutiperekezayu ndi munthu kapena ndi mzimu wa Chisoti yemweyo?" anatero mayi wina wamfupi, wamaso akuthwa, dzina lake aDailes.

ADailes ndi amene anatulukira nkhaniyo. Anaona kuti mnyamatayo sakuthawa gulu lonse. Amayi ena akamuyandikira ankayankha bwinobwino, koma mayi mmodzi yekha akasuntha, nayenso ankasuntha ngati mwanapiye waona mthunzi wa kabawi.

"ANambewe, taimani apo," anatero aDailes. "Tsopano tapitani chakuchumuniko."

ANambewe, posadziwa chimene chikutcheredwa, anapita. Nthawi yomweyo kapusi ya Happy, imene anali ataivalanso, inaoneka ikuthamanga kuseri kwa khoma kulowera ku mkuyu.

"Tabwererani kuno."

Kapusi ija inabwereranso kuchumuni.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzutsa mileme ya m'chumunimo. Wina anayimba nthungululu. "Anzathu mwatibisira mkamwini! Tabwera naye pa minibasi imodzi mpongozi wa mwini mabwinja, ife osadziwa."

"Ine ndilibe mkamwini," anatero aNambewe, nkhope ili gwa. "Amene akuthawayo akuthawa zake."

"Mwana waulemu chotere mukumukana? Wanga uja amandipempha ndi fodya yemwe," anatero aDailes.

ANambewe ndi munthu wosafuna kusekedwa. Anamanga chitenje mwamphamvu, nati iwo anabwera kudzaona malo osati kudzamva zopusa, nayamba kukwera nsanja ija okhaokha. Happy anafuna kuwaletsa, poti alendo amawakweza mmodzimmodzi iye ali patsogolo, koma akanawaletsa ndi pakamwa pati? Mkwiyo unawakweza mpaka pamwamba osapuma.

Kukwera nsanja ya Chisoti n'kosavuta, chifukwa maso amakhala pakhoma. Chovuta n'kutembenuka. ANambewe atatembenuka anaona nyanja yonse yatambalala mpaka kosaoneka tsidya, mabwato ngati makoko a mtedza, anzawo pansi ngati nkhuku. Munthu wa kumadimba a mpunga, kumene chokwera chachikulu ndi chulu. Mutu unazungulira. Anakhala pansi n'kukumbatira mwala, maso ali tsinzi.

"ANambewe, tsikanitu, tikadye," anaitana amayi abusa.

ANambewe anangokakamira mwala uja.

"ANambewe?"

"Sinditsika," mawu anabwera ang'onoang'ono. "Nsanjayi ikuyenda."

Kuseka kunatha. ADailes anayesa kukwera, koma atafika pokhota anabwerera chokwawa akuitana Yesu. Ena anayamba nyimbo, ena pemphero. Dzuwa linali pamutu, mwala wa pamwambapo ukutentha ngati chiwaya, ndipo mayiyo anali atayamba kupendekeka.

"Wallahi, akomoka pamenepo," anatero Latif. "Pita ukawabereke, mwamuna."

"Ndibereke apongozi? Pamsana pangapa?"

"Nanga si akuti si apongozi ako? Bereka mlendo."

Happy anayang'ana pamwamba pa nsanja. Akawagwira dzanja, ndiye kuti mawu aja akwanira, akuti mwana wopanda mayi sadziwa mwambo. Akawasiya, agwa. Anathamangira kuseri kwa mlambe kumene amasunga nsungwi yake yaitali yogwetsera chitedze, naitenga, nayamba kukwera maso ali pa zala za kumapazi. Atatsala pang'ono kufika anatembenuka, nawafulatira, nasenza nsungwiyo paphewa la kumbali yopanda khoma, nsonga yake n'kukafika pamiyendo pa aNambewe. Kenako anakuwira pansi.

"Amayi abusa, auzeni mayi agwire nsungwiyi ndi manja awiri."

Amayi abusa anayang'ana m'mwamba modabwa. Anthu awiriwo anali pafupi moti akanatha kunong'onezana. Koma ndi mayi wodziwa zinthu. Anakweza mawu: "ANambewe, akuti gwirani nsungwiyo ndi manja awiri."

Nsungwi inagwedezeka paphewa pa Happy. Anadziwa kuti agwira.

"Auzeni asayang'ane kunyanja, ayang'ane khoma. Asaimirire, atsike chokhala."

"Akuti yang'anani khoma, mutsike chokhala."

Anayamba kutsika, Happy patsogolo, nsungwi pakati, aNambewe m'mbuyo akudzikhwekhwereza. Masitepe amenewo Happy amawadziwa ngati mano a m'kamwa mwake, ndipo sanacheuke ngakhale kamodzi. "Auzeni ikubwerayi ndi yogumuka kunsonga, atsamire kukhoma." Uthenga unkatsika pansi, n'kukweranso. "Auzeni apa pali kamtengo, asakagwire, n'kosalimba." Nsungwi inkamudya paphewa, poti mayiyo anaikapo thupi lonse, mpaka malaya anang'ambika, khungu n'kusupuka. Iye osadandaula.

Atafika pokhota paja pamene aDailes anabwererapo, Happy anafulumira pang'ono. Pamenepo ndi pamene aNambewe anatsegula pakamwa. Akanatha kungoti, "Iwe mnyamata, pang'onopang'ono," monga mmene munthu amauzira kondakitala. Koma anakuwira pansi nawonso.

"Amayi abusa, muuzeni asathamange."

Pansi paja amayi anagwirana manja. ADailes anatseka pakamwa ndi chitenje. Munthu salankhula kudzera mwa wina kwa mnyamata wamba. Amatero kwa mkamwini.

"Achimwene, akuti musathamange," anatero amayi abusa, akubisa chimwemwe.

"Auzeni ndamva," anatero Happy. Akuti misozi inamulengeza pomwepo, masitepe n'kuyamba kuoneka awiriawiri, moti anatsika otsalawo ndi mapazi okha, maso osathandiza.

Phazi la aNambewe litangogunda dothi, Happy anatula nsungwi n'kukabisala kuseri kwa mlambe. Amayi anawakhazika mnzawo pamthunzi, namupatsa madzi, namukupiza ndi mabuku a nyimbo. ANambewe anamwa, nakonza duku, nayang'ana nsungwi ija ili pansi, nsonga imodzi ili ndi magazi. Kenako anatembenukira kwa amayi abusa.

"Amayi abusa, tamufunsani. Anamulera ndani?"

"Agogo anga, mayi awo a mayi anga," unayankha mlambe.

"Hmm." Anamwanso madzi. "Mufunseni ngati akwawo njira ya ku Chinguluwe akuidziwa."

"Akuidziwa, mayi."

"Ndiye abwere tisanayambe kuwokera mpunga, pambuyo pake sadzapeza munthu pakhomo. Komanso mumuuze kuti nyumba ya mwana wanga ikhale ndi denga. Ndipo isakhale ndi masitepe."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo anazimva mpaka ogulitsa nsomba kugombe. Latif akuti anavina ndi amayi a Mvano, iye Msilamu, ndipo mpaka lero amakana.

Amalume ake a Happy anapita ku Chinguluwe sabata yotsatira, atavala jekete lobwereka, ndipo anawalandira ndi nkhuku. Nyumba anamanga, ya njerwa zowotcha, yofolera malata, khomo lake lofanana ndi bwalo moti ngakhale kamba akhoza kulowa. Lena amagulitsabe mpunga, koma tsopano Happy amadya waulere, ndipo masaya anabwerera. Mwana wawo woyamba ndi wamkazi, dzina lake Mwayi, ali ndi mpata pakati pa mano koma mphumi ndi yakwathu, zimenezo asatsutse munthu.

Happy akuperekezabe alendo ku mabwinja. Pamasitepe paja anamangapo chingwe chogwirira. Magulu ochokera ku Chinguluwe achuluka, chifukwa aNambewe amauza aliyense kutchalitchi kuti amene sanaone nsanja ya Chisoti sanaone Salima, ndipo akafike kwa mkamwini wawo, osati kwa anyamata ena onama aja. ANambewe eni ake akabwera amakhala pansi pa mlambe kusunga zikwama za anzawo. Mpaka lero awiriwa sanayang'anizanepo. Akafuna kumuuza kuti wawonda kapena kuti malaya ake ang'ambika, amatuma Mwayi, amene sanayambe n'kulankhula komwe bwinobwino, ndipo Happy amayankha ali kuseri kwa mtengo kuti, "Kawauze ndamva."