Kalaliki Amene Anafufuta Midzi

Cyprian anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Mlonyeni, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ntchito yake inali kulemba matenanti: dzina, mudzi, boma, ndi m'bale woti auzidwe zinthu zikavuta. Ambiri ankachokera kutali, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga.

Mu 1999 bwana anagula kompyuta yogwirapo kale ntchito, ndipo Cyprian anayamba kuyenda ngati esiteti ndi yake. Anakoperamo mayina onse ndi chala chimodzi, kenako mabuku akale anawapatsa amayi ogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira. "Mapepala ndi zachikale," ankatero. Kunena zoona, chimene ankadziwa n'kutsegula pamene panali mayinawo ndi kutseka, basi.

Pofika 2006 kompyutayo inali itatopa. Ukaiyatsa unkatha kukamwa tiyi n'kubwerako isanadzuke. Tsiku lina Vitus, dalaivala wa lole ya pa esitetipo, anabwera kuchokera ku Chipata ndi masidi awiri.

"Iyi ndi pulogalamu yomwe muli nayo kale, koma yatsopano, makina anuwa sangaisenze," anatero Vitus. "Inayi ndi Linux, yaulere, yopepuka, ndipo aliyense amaloledwa kugawira mnzake. Mwana wanga ku koleji amagwiritsa ntchito yomweyi. Koma akalaliki, muyambe mwasunga zinthu zanu padera, pa fulashi. Mumatha?"

"Iwe Vitus, ungandiphunzitse ine? Kasamale matayala ako."

Kusankha anasankha bwino, tisamunamizire: anatenga Linux. Koma kusunga zinthu pa fulashi sankakudziwa, ndipo kufunsa dalaivala kunamukulira. Paja safunsa anadya phula. Poika Linux m'kompyutamo, makina atafunsa ngati agwiritse ntchito disiki yonse, iye anavomera, poganiza kuti yonse ndiye bwino. Kompyuta inadzuka ikuthamanga ngati yatsopano, koma mayina munalibe. Anasakasaka thukuta lili kamukamu mpaka nthawi yoweruka, ndipo sanauze munthu. Anadzitonthoza kuti adzawalembanso mwakachetechete fodya akatha.

Patangopita masabata atatu, tenanti wina dzina lake Mateyo anagwa m'chigafa akusoka fodya, osadzukanso. Anali munthu wachete, wopanda mkazi, ndipo anzake ankangodziwa kuti ndi wa kummwera. Bwana analamula kuti lole itenge maliro kupita nawo kwawo, monga ankachitira nthawi zonse. Vitus analiza injini n'kubwera pa windo la ofesi.

"Akalaliki, tilowera kuti?"

Cyprian anakhala pa kompyuta n'kumadinadina, anthu akudikira panja ndi bokosi. Anadinadina mpaka zala zinakana. Kenako anadzuka, manyazi atamugwira.

"Ndinafufuta," anatero. "Zonse."

Vitus sanamunyoze. Anangopita kukazimitsa injini, ndipo zimenezo zinamuwawa Cyprian kuposa kutukwanidwa.

Anazungulira m'makomboni monse akufunsa za kwawo kwa Mateyo. Anafika mpaka kwa amayi a zitumbuwa aja, ngati kuti pepala lingadikire munthu zaka zisanu ndi ziwiri. Amayiwo anangomuyang'ana momumvera chisoni. Tsiku lachitatu anthu sakanathanso kudikira, ndipo Mateyo anaikidwa m'manda a pa esiteti pomwepo.

Kumandako mkulu wa mpingo anati, "Tsopano timve mawu kuchokera kwa akubanja." Panalibe amene anaimirira. Anabwerezanso. Anthu anaweramitsa mitu, ena akumuyang'ana Cyprian cham'mbali. Iye anaimirira.

"Ine si m'bale wake," anatero. "Abale ake alipo, ndipo panopa akuganiza kuti ali moyo. Akhala akumudikira. Mudzi wake anandiuza ndi pakamwa pake, ine n'kulemba. Amene ndautaya ndine."