Botolo la Mpweya la ku Kings Heath

Nditamaliza maphunziro a ku yunivesite, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndinkachita lendi chipinda kwa banja lina lachizungu ku Kings Heath, kutsidya kwa nyanja. Bambo a m'nyumbamo, amene anali atapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi, ankakonda masewera owombera kapepala ndi mfuti yogwira ndi dzanja limodzi. Mfutiyo sinkafuna wonga. Inkalavula kachipolopolo ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'kasilinda kokhala kunsi kwa mpope wake.

Loweruka m'mawa ankadzaza kasilindako kuchokera m'botolo lalikulu lachitsulo, longa lija amabereka anthu osambira pansi pa nyanja. Ine ndinkaima pakhomo pa shedi yawo n'kumaonerera. Tsiku lina anandigwiritsa kasilindako atangokadzaza. Kanali kofunda. Ndinaonanso manambala odindidwa pambali pake.

Anandiuza kuti ndi chaka chimene kanapangidwa, ndipo zaka zake zikakwana kamatayidwa, ngakhale kakuoneka katsopano.

"Koma Bambo," ndinafunsa, "chitsulo chosunga mpweya chabe chingakalambe bwanji?"

"Chimafufuma n'kuphwa nthawi iliyonse, ngakhale maso saona," anayankha. "Chimatopa. Chinyezi nacho chimadya m'kati."

Ndinangovomera ndi mutu, koma mumtima ndinati ndi malamulo a Azungu basi.

Itakwana nthawi yokayezetsa botolo lalikulu lija, ndinapempha kuti ndipite nawo. Kushopu yoyezera mabotolo ku Wolverhampton tinapeza mayi wina wovala magalasi. Anatulutsa mpweya wonse, n'kuchotsa chotsekera, n'kulowetsa kanyali m'kati. Anasuzumira kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu.

"Mungandilole ndione nanenso?" ndinapempha.

Kunja botololo linali see, penti yake yowala. M'katimo munali dzimbiri ndi timaenje, ngati chimanga choti anankafumbwe alowamo. Ndinakumbukira kuti masabata onsewo ndinkaima pafupi nalo, osadziwa kuti likanatha kuphulika. Mayiyo analiboola ndi makina kuti wina asadzalidzazenso.

 Botololo bambo aja anali atakhala nalo kuyambira ana awo ali aang'ono.

Sanagule lina. Anapeza pampu yamanja yodzazira kasilinda kaja, yokhala ngati ya njinga, koma msana wawo unakana, choncho wopopa ndinakhala ine. Pothokoza ananditengera kukalabu yawo n'kundiphunzitsa kaimidwe ndi kapumidwe. Nditawombera koyamba tinafufuza papepala ponse, koma bowo silinaoneke.