Maluwa a Kofiya pa Bokosi la Kompyuta

Mwana ameneyu ndinamulera ndine. Ndiyambe ndanena zimenezi, chifukwa masiku ano aliyense akufuna kukhala agogo ake. Mayi ake, mwana wanga wamkazi, anapita ku Joni iye asanayambe n'komwe sukulu. Chikuku ndinadwazika ndine. Atameza munga wa chambo amene anathamanga naye kuchipatala opanda nsapato ndine. Kuyambira ali kumsana ndinkamutchula kuti amuna anga, monga timachitira agogo ndi zidzukulu zathu zachimuna, iye n'kumayankha kuti, “Ndabwera akazi anga, madzi osamba ali kuti?” Lero ndi mnyamata wandevu, amakonza mafoni pamsika wa ku boma kuno ku Mangochi.

Katundu anayamba kufika pa mabasi a ku Joni, phukusi lero, lina mwezi wamawa. Lililonse ndinkalimasula iye asanabwere kuntchito. Musandiyang'ane choncho, chinthu cholowa m'nyumba mwanga ndiyenera kuchidziwa. Koma sindinkazindikira kanthu. Timatabwa tobiriwira tokhala ndi minga yasiliva, mawaya omangidwa ngati matumbo a nkhuku, ndi chinthu china cholemera ngati njerwa, chokhala ndi mafani awiri kumimba.

“Anganga, mwagwiranso ndi manja a mafuta?” anandifunsa madzulo ena, akupukuta chinjerwacho ndi malaya ake. “Ili ndi khadi la zithunzi. Popanda ili, osewera mpira a m'gemu amayenda motsimphina ngati atuluka mtsempha.”

“Nanga zonsezi n'za masewera basi?”

“Masewera basi. Koma ndikufuna kompyuta yoti munthu akaiona aiwale chimene anabwerera.”

Bokosi logula m'sitolo sankalifuna. Ankati a malata aja amafanana onse, ndiponso ndi kutentha kwa kuno zinthu zimapsa m'kati. Ankafuna kupanga lake la matabwa a mlombwa, mbali imodzi galasi, mbali zina zoboolaboola kuti mpweya uzidutsa. Matabwawo anawapeza kwa mmisiri wina wokhoma maboti kunjira ya ku Malindi.

Tsiku lina akutsuka njinga, anangoti, “Anganga, munditsekulireko sutikesi ija ndione kofiya ya agogo aamuna.”

Kofiya ndi chisoti chimene amuna athu amavala popita kumzikiti. Ya malemu amuna anga ndinaisoka ndekha, maluwa ake a timabowo ting'onoting'ono, bowo lililonse loboola ndi munga n'kulizunguliza ndi ulusi. Bambowo atamwalira, abale awo anabwera kudzalira, ndipo pamene tinkachita sadaka ya masiku makumi anayi, wotchi inali itapita, wailesi itapita, ngakhale ambulera. Kofiyayo inatsala chifukwa ndinakhalira sutikesi imene inalimo. Kuchokera pamenepo sutikesi imeneyo sitsekulidwa chifukwa choti wina wapempha.

“Ukufuna uitani?”

“Ndingoona maluwa ake.”

“Mwamuna wandevu kufuna kuona maluwa? Wakutuma ndani?”

Anaseka, napitiriza kutsuka njinga. Sanabwerezenso. Mpaka lero ndimati munthu wofuna chinthu anene bwinobwino chimene akufuna kuchita nacho.

Tsopano ndikuuzeni za mkazi mnzanga. Malemu anali ndi akazi awiri, ine wamkulu, iye wamng'ono. Amakhala tsidya la msewu, kuseri kwa mzikiti, m'nyumba ya malata yomwe bambowo anamanga usipa utagwidwa bwino chaka china. Ana ake ali ku Chiponde, amachita malonda a m'malire, ndipo anamukokera magetsi. Ine ndili ndi kasola koyatsa babu limodzi ndi kutchaja foni. Kompyuta ya mdzukulu wanga inkafuna moto wambiri. Simufunika kuuzidwa kumene katundu uja anasamukira.

Poyamba ankati akungokayesa. Kenaka anayamba kupita akaweruka, kenaka Loweruka lonse. Ankabwera malaya ali utuchi wokhawokha, akununkha vanishi, ndipo ndikamuikira chakudya ankangotomola pang'ono. Ine mphuno yanga sinafe. Pansi pa fungo la vanishi ndinkamva mpunga wothira nazi. Mayi ameneyo mpunga wa nazi ndiwo msampha wake kuyambira kalekale.

Lachisanu lina anthu atatuluka kumzikiti ndinawoloka msewu. Ndinanyamula lichero loti ndikanene kuti ndabweza, ngakhale linali langa. Ndisanafike pakhomo ndinamva mawu ake, ofewa ngati nthochi yakupsa:

“Amuna anga, imwani kaye thobwa, ntchitoyo sithawa.”

Ndinaima. Mayi ameneyu ndinagawana naye mwamuna mmodzi mpaka kumanda, masiku owerengerana, sopo wodulirana pakati. Tsopano ndakalamba, ndadzilelera wanga ndekha, ndipo akufuna tigawanenso.

“Odi kuno!”

“Eee, amayi aakulu! Lowani, lowani. Lero mvula igwa.”

“Igwe, mwina ingatsuke zina.”

Chinthucho chinali patebulo pabalaza. Ndisaname, chinali chokongola. Mlombwa wopalidwa mpaka kuwala ngati wadzola mafuta, m'makona molumikizidwa popanda msomali wooneka. Kudzera pagalasi unkaona mafani akuzungulira mwakachetechete, atavala mikombero ya kuwala kobiriwira, kenaka kofiirira, mawaya onse atagonekedwa mwaulemu. Mdzukulu wanga anadzuka msangamsanga, nkhope ili ngwee.

“Anganga, bwerani muone mbali iyi!”

Ndinazungulira. Thabwa lonse la mbali inayo linali loboola timabowo, kuwala kukutulukira m'menemo. Sindinafunike kuyang'ana kawiri. Nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi, mzere wokhotakhota pansi pake. Anali maluwa a kofiya ina, imene mkazi mnzangayo anasokera bambowo chaka chimene analowa m'banja. Ngakhale nyenyezi imene anaiphonya, yopendekeka ngati yaledzera, mwanayo anaikopera momwemo.

“Ndinangomupatsa,” anatero mkazi mnzangayo, akukonza mpango wake. “Mwana akapempha cha agogo ake, ungamumane? Kwathu kuno masutikesi alibe loko.”

“N'chifukwa chake mulibe kanthu m'menemo.”

“Anganga, musayambe,” anatero mnyamatayo.

“Sindinayambe ine. Ndangoona nyenyezi yodwala iyi. Agogo ako aamuna ankaivala kofiya imeneyi akamapita kokawedza, kuti ikagwera m'madzi asadandaule.”

“Ankaivala pa Idi,” anatero mkazi mnzangayo.

“Pa Idi imene munali inu nokha.”

Mnyamatayo anakhala pansi, nagwira mutu. Ndinayang'ananso bokosilo, ndipo ndinaona kuti thabwa lakutsogolo linali losaboola, longopanikiza ndi tepi.

“Nanga uku?”

“Uku sindinamalize. Pafunika mabowo olowera mpweya, apo ayi khadi lija litentha n'kuzima pakati pa gemu. Ndingodula mizere yowongoka, n'zosavuta.”

“Usadule kanthu,” ndinatero. Lichero ndinabwerera nalo.

M'mawa mwake ndinatseka chitseko ndi zenera, ndinamasula kiyi pa chingwe cha m'chiuno, n'kutsekula sutikesi. Kofiya inali mmene ndinaisiyira, m'kati mwa nsalu yoyera, ikununkhabe mafuta onunkhira amene bambowo ankadzola Lachisanu. Maluwa anga si nyenyezi. Ndi masamba a mpesa wolukanalukana, timabowo tothinana ngati mazira a nsomba. Ndinasoka miyezi yambiri ndili ndi pakati, maso akadali akuthwa.

Ndinapita nayo ndekha. Mnyamatayo atatambasula dzanja ndinabweza.

“Uonere pompano.”

“Ndingoijambula pafoni, anganga, mubwerere nayo.”

“Chithunzi chimayenda. Mawa ndidzaona maluwa anga pa kofiya za pamsika.”

Choncho ndinakhala pampando, kofiya nditaiveka bondo langa, iye atagwada patsogolo panga ndi pensulo ndi pepala, akukopera tsamba limodzilimodzi. Akati, “Tembenuzani pang'ono,” ndinkatembenuza. Mutu wake unali pafupi ndi manja anga, monga kale ndikamamumeta ndi lumo. Mkazi mnzanga analowa ndi kutuluka, analowanso ndi kutuluka, kenaka anakakhala kukhonde n'kumasankha mpunga mokwiya, timiyala tikulira pa malata a bafa.

Ntchitoyo inamuvuta. Mabowo anga ndi aang'ono, oyandikana. Kachitsulo koboolera kanathyoka, anakagula kena. Thabwa loyamba linang'aluka pakati atatsala pang'ono kumaliza, ndipo anatukwana mawu amene sindinamuphunzitse ine.

“Za anthu ena n'zovuta ngati eni ake,” anatero wa pakhonde uja.

“Zophweka zimatha msanga,” ndinayankha.

Anayambiranso pa thabwa lina, lopyapyala bwino, ataika lina pansi pake kuti lisang'aluke. Masiku onsewo ndinkabwera ndi kofiya m'mawa wa Loweruka n'kubwerera nayo, ngakhale iye ankati pepala likukwanira. Pepala likhoza kunama. Ndinkabweranso ndi mbatata yootcha yanga, kuti asamangodalira za m'nyumba imeneyo.

Tsiku lomaliza anamata kansalu ka neti kuseri kwa thabwalo kuti fumbi ndi tizilombo zisalowe, analimanga ndi timasikuluwu, n'kuyatsa. Masamba anga anayaka onse. Ndinaika dzanja patsogolo pake ndipo ndinamva kamphepo kakukokedwa kulowa m'kati, kudutsa m'timabowo tanga.

“Mpweya wozizira ukulowera kwa inu,” anafotokoza, “wotentha ukutulukira mbali iyo.”

“Wanena bwino, amuna anga,” ndinatero mokweza, kuti a pakhonde amve. “Bwereza.”

Sanabwereze. Anakhala pansi n'kuyamba mpira wake, anzake awiri atafika kudzaonerera, onse akukuwa ngati ali pabwalo lenileni. Mmodzi anajambula bokosilo pafoni ndisanamuletse.

Koma bokosilo limagona kumeneko. Moto uli kumeneko. Ine ndimaliona ndikawoloka msewu, mkazi mnzanga amaliona akangodzuka. Ndipo pasanathe sabata ndinapeza litatembenuzidwa, nyenyezi zake zitaloza kukhomo kuti wolowa aliyense ayambe kuona zimenezo, masamba anga atayang'ana kukhoma. Anati ankasesa. Ndinalibweza. Nditabweranso linali litatembenukanso. Ndinalibwezanso, ndipo ulendo umenewo waya wina unasolola kumbuyo, sikilini n'kuda.

Mnyamatayo sanakalipe. Anangotiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali, ife nkhalamba ziwiri titaima uku ndi uku kwa tebulo. Kenaka anatenga bokosilo n'kuliika chopingasa pakona, kuti woima pakhomo aziona mbali zonse ziwiri, nalimanga kutebulo ndi zitsulo ziwiri zopinda kunsi kwake.

“Aliyense wolikhudza,” anatero, “ndisamutsira kwa mnzanga ku Nkhudzi, nonse muzikaliona pa Idi.”

Palibe walikhudza. Amagonabe kwanga, ndipo madzi osamba amafunsabe kwa ine. Koma ndaimapo pakhomo paja kangapo, diso limodzi nditatsinzina, ndipo ndikuona kuti bokosilo silili pakati penipeni. Lapendekera kwa mkazi mnzanga pang'ono, mwina ngati kukula kwa chala. Ndikufuna ndidziwe kaye ngati linakhala choncho mwangozi, kapena ngati pamene ankamanga zitsulo zija wina anali ataima pambali pake ndi kapu ya thobwa.